Nyimbo Imene Ankaimbira Mukhurupa

Emelda anafika kwa malume ake Lachinayi m'mawa, chiperoni chitaphimba phiri lonse la Mulanje, moti ngakhale minda ya tiyi ya kuseri kwa Limbuli sinkaoneka. Galimoto anaisiya kumsewu chifukwa cha matope, n'kuyenda wapansi ndi anzake awiri. A Winston Mukhurupa anawaonera patali ali pakhonde. Anaimirira, nakonza kolala ya jekete, n'kuitana mlongo wawo Anesi kuti atulutse mipando.

A Winston anagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Anapuma kalekale, koma mawu awo anali akadali a munthu wozolowera kulankhula kamodzi, anthu n'kuthamanga. Chimene ankanyadira kuposa nyumba yamalata ndi munda wa nanazi chinali dzina lawo. Bambo awo anapita ku Joni iwo ali khanda, osabwerakonso, choncho kusukulu anawalembetsa dzina la agogo awo aamuna, bambo wa mayi awo. Ndipo Mukhurupa sanali munthu wamba. Mwana aliyense wa pabanjapo ankakula akumva kuti agogo amenewa ndiwo anatsogolera mabanja makumi anayi kuthawa nkhanza za Apwitikizi, kuwawolotsa mtsinje wa Muloza, n'kuwapezera malo pansi pa phiri lino. A Winston anawamangira chiliza cha matailosi oyera chimene chimaonekera kumsewu.

Zaka zitatu m'mbuyomo, Emelda, mwana wa Anesi, amene amaphunzitsa za zilankhulo ku yunivesite, anabwera ndi nkhani yoti iye ndi anzake akulemba buku la dera la phiri la Namuli, kumpoto kwa Mozambique, kumene Alomwe amati ndiko kuchimake. Anzakewo sanali a phunziro limodzi ndi iye. Juma, wa ku Nampula, anali katswiri wa zomera. Anne, mzungu wa imvi mutu wonse, ntchito yake inali kufukula mapepala akale m'nyumba zosungiramo mbiri. Emelda ankati phiri lalikulu munthu mmodzi salizungulira ndi maso, n'chifukwa chake aliyense ankaliyang'ana kuchokera mbali yake, kenako n'kuphatikiza zimene aona.

A Winston anawapatsa zonse zimene anapempha. Anawafotokozera mbiri ya agogo awo masiku awiri athunthu. Anamutapira Juma mbewu ya nyemba za kalongonda wa mawangamawanga amene banja lawo lokha linkalima m'dera lonselo. Anasonkhanitsanso amayi a pabanjapo kuti aimbe nyimbo ya Mukhurupa, imene ankaiimba pa ukwati uliwonse ndi pa gule wa tchopa. Amene anawaphunzitsa nyimboyo anali agogo Eneles, mkazi wa Mukhurupa. Mawu ake anali a Chilomwe chakale chimene palibe ankachimvanso bwinobwino, koma onse ankadziwa kuti ndi yotamanda mtsogoleri.

Tsopano ntchito inali itatha, ndipo mawa lake ophunzirawo ankayenera kufotokozera anthu zimene apeza, mu holo ya tchalitchi. Woitana anthu ku msonkhanowo anali a Winston eni ake, khomo ndi khomo.

Atapatsana moni, Emelda anakana mpando n'kukhala pamphasa pafupi ndi mayi ake.

"Malume, tisanaime pamaso pa anthu mawa, pali zina zimene ndafuna muyambe mwazimva muli panyumba panu."

"Nena, mwana wanga. Khutu ndi lako."

Anayamba ndi Juma, m'Chichewa chake chokokera ku Chimakuwa. Anati kalongonda uja anamufananitsa ndi mitundu yonse imene anatolera kuzungulira phiri la Namuli, ndipo anamupeza m'midzi itatu yokha, yoyandikana, chakummawa kwa phirilo. A Winston anagwedeza mutu mokondwa. Ndiye kuti kwawo kwenikweni kwapezeka.

"Titadziwa midziyo," anatero Emelda, "a Anne anapita kukafufuza mapepala a boma la Apwitikizi limene linkalamulira midzi imeneyo."

Anne anatulutsa pepala m'chikwama n'kuliyala patebulo. Linali chithunzi cha tsamba lakale lolembedwa pamanja. Emelda analoza mzere umodzi.

"Uwu ndi mndandanda wa asipayo a chaka cha 1921. Asipayo anali apolisi achikuda a Apwitikizi, amene ankagwira anthu kukawagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Apa alemba kuti Mucurupa. Pepala lachiwirili ndi la 1923. Likunena kuti sipayo ameneyu wathawira ku Nyasaland anthu atamutenthera nyumba, chifukwa amuna awiri anafa atawamenya ndi mbalamatodya, chithabwa chokwapulira anthu chija."

A Winston anavala magalasi, naliyang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kulikankhira kutali ndi chala chimodzi.

"Ili si dzina lathu. Lathu lili ndi k ndi h."

"Apwitikizi amalemba choncho, malume."

"A Yohane alipo angati m'dziko muno? Yohane mmodzi akaba mbuzi, mukamanga a Yohane onse?"

"Nanenso ndinaganiza choncho. Miyezi isanu ndi umodzi ndinakana. Kenako ndinapita ndi nyimbo ija kumidziko."

Emelda anatulutsa foni n'kuyatsa. Munamveka mawu a anthu okalamba akuimba pang'onopang'ono, popanda ng'oma, popanda nthungululu. Inali nyimbo yomweyo. Anesi anayamba kutsatira ndi milomo osadziwa.

"Akuidziwa yonse," anatero Emelda. "Nditawauza kuti kwathu timaiimba pa ukwati, anayang'anizana osalankhula. Mawu amene ife timati akutanthauza wotitsogolera, m'Chilomwe cha kumeneko akutanthauza wokoka chingwe. Nyimboyi ikuti: wotimanga zingwe uja ali patsogolo, njira imudye miyendo, tsiku lakufa kwake pasapezeke womulira. Si yotamanda, malume. Ndi temberero."

Madzi ankadontha kuchokera kumalata kugwera m'beseni. A Winston anakumbukira ukwati wawo, amayi akuvina nyimboyo mozungulira iwo ndi mkazi wawo amene anamwalira, agogo Eneles ali patsogolo ndi mawu amphamvu kuposa onse.

"Ndiye kuti nyemba, pepala ndi nyimbo zagwirizana," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Munthu anafa ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, sangadziyankhire, ndipo inu atatu mwakhala pa bwalo lanu mwamuweruza. Ndinakutsegulirani nyumba yanga. Iwe Juma, ndinakupatsa mbewu ndi dzanja langali. Ndinkayesa ndikupatsa mlendo chakudya, kani ndikupatsa mfiti tsitsi."

"Bambo, ine ndinati tilembe chilembo choyamba chokha cha dzinalo," anatero Juma akuyang'ana pansi. "Anzanga anakana."

Anne analankhula m'Chingerezi, ndipo a Winston, amene anatumikira azungu moyo wawo wonse, sanafune womasulira. Ankati pepalalo lili poyera, aliyense akhoza kuliwerenga, ndipo kubisa dzina n'kunamiza owerenga. Juma anamuyankha mokweza kuti iye akakwera ndege, amene adzatsale ndi dzinalo pamsika wa Limbuli si iyeyo. Anakangana pakhondepo ngati mwini nyumba palibe.

"Khalani chete pakhomo panga," anatero a Winston. Anatembenukira kwa Emelda. "Iwe ndiwe magazi athu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndine ndinakukweza panjinga kupita nawe kukalemba mayeso a Sitandade 8, mvula ikugwa ngati lero. Fufuta dzinalo."

"Sindingathe, malume. Kumudziko kuli mkulu wina, a Afonso. Ndiwo anatimasulira nyimboyo ndi kutiuza mbiri ya midzi yonse itatu. Anatiuza kuti ngati sitilemba dzina la sipayoyo, tisalembe chilichonse chimene iwo anena. Tinalonjeza. Chimene ndingachite n'chakuti mawa sindilitchula. Buku lisanatuluke mukhala ndi nthawi yolankhula ndi abale."

"Unalonjeza mlendo kuti udzavula malume ako."

Anesi anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo alendowo ananyamuka tiyi asanafike.

Lachisanu holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. A Winston anakhala kutsogolo pakati pa ana awo aamuna ndi adzukulu. Ophunzirawo anapachika nsalu yoyera pakhoma n'kuyamba kuonetsa zithunzi: phiri la Namuli ndi nsonga zake zamwala, nkhalango imene ikutha chaka ndi chaka, minda ya mbatata yachizungu yokwera mpaka m'mitambo. Juma anafotokoza za mitengo imene sipezeka kwina kulikonse. Emelda anatchula mawu a Chilomwe amene kuno anaiwalika koma kumeneko akadali m'kamwa mwa ana, ndipo okalamba m'holomo ankaseka akawazindikira. Anne atafika pa nkhani ya asipayo, anangoti anali anthu a m'midzi momwemo, ndipo ena anathawira kuno. Dzina sanatchule.

Koma a Winston ankaona ngati diso lililonse lili pamsana pawo. Wina akatsokomola kumbuyo, ankati akuwaseka. Mtima unakana kudikira. Anaimirira asanapatsidwe mpata, n'kutembenukira kwa anthu.

"Abale anga, ndine ndinakuitanani kuno, ndipo ndikupepesa. Anthu awa sanabwere ndi maphunziro, abwera ndi mwano. Akufuna kulemba m'buku lawo kuti Mukhurupa, amene anawolotsa makolo anu, anali sipayo womanga anthu. Akuti nyimbo yathu ndi temberero. Kodi tilola mzungu ndi wotola masamba atiuze amene anatibala?"

Ana awo anayamba kufuula kuti achoke. Emelda anangoima ndi pepala m'manja, nkhope itagwa. A Winston ankayembekeza kuti holo yonse iwuka nawo. Anauka a pabanja pawo okha. Enawo anakhala phee.

Kenako kumbuyo kunaimirira a Yakobo Likhutha, mkulu wa mpingo, amene munda wawo unachita malire ndi wa a Winston. Makolo awo anali m'gulu la mabanja makumi anayi aja. Analankhula osakweza mawu.

"A Winston, mwadziululira nokha. Ife sitinafune buku kuti tidziwe zimenezi. Agogo anga akamadutsa pamanda a Mukhurupa ankalavula malovu. Ankati munthu ameneyu atathawira kuno anagwirizana ndi mzungu wa esiteti, n'kubwerera kwawo kukatenga anthu, ena mowanyenga, ena mowaopseza kuti akawaneneza kwa Apwitikizi. Iye anapatsidwa munda wa kumtsinje, makolo athu anapatsidwa makasu. Tinkangokhala chete chifukwa munali kapitawo, ndipo ana athu ankafuna ntchito."

"Ukunama, Yakobo. Nkhani yako ndi ya malire a munda."

"Nyimbo ija munatimvapo ife tikuimba pa ukwati wathu?"

Mayi wina anaseka. Kuseka kumeneko ndiko kunayatsa moto. Mwana wamkulu wa a Winston analumpha benchi kulunjika kwa a Yakobo, ana a a Yakobo anamutchingira, ndipo mabenchi anayamba kugwa. A Winston anapita kukhoma, nagwira nsalu yoyera ija ndi manja awiri, n'kuikoka mpaka misomali inazuka. Chithunzi cha phiri chinatsala pa njerwa zosapaka. Abusa anatulutsa ophunzirawo pakhomo lakumbuyo, koma galimoto isananyamuke mwala unaphwanya galasi n'kumucheka Juma pachipumi.

A Winston anafika pawindo la galimotoyo akupuma movutika. Emelda anali atagwira mpango pachipumi cha mnzake.

"Iwe, pakhomo panga usadzapondeponso. Ndikadzafa usadzabwere. Ukalire a Afonso akowo."

Masabata otsatira anali owawa. Pamsika wa Limbuli, a Winston akamadutsa, ankamva mawu oti sipayo akunenedwa chapansipansi pakati pa ogulitsa tomato. Wina anajambula chingwe ndi khala pachiliza chija. Kutchalitchi a kwa Mukhurupa ankakhala mbali yawo, a kwa Likhutha mbali yawo, pakati pali mabenchi awiri opanda munthu. Anesi ankawaphikira mchimwene wake monga kale, koma ankasiya chakudya patebulo n'kutuluka.

A Winston anatsimikiza mumtima kuti gwero la zonsezi ndi nkhalamba imodzi yabodza. Juma anali ataiwala mapu pakhonde tsiku lija, midzi itatu ija itazunguliridwa ndi cholembera. Mwezi wa Ogasiti uli pakati, anatenga mapuwo ndi chikalata chowolokera malire, n'kuuza Anesi kuti akupita kukabweza mawu m'kamwa mwa mwini wake.

Anawoloka pa Muloza m'mawa, nakwera chapa, minibasi ya kumeneko, kuchokera ku Milanje mpaka ku Gurue, kumene anagona. Kutacha anakwera njinga yamoto imene inawatsitsa pomwe msewu unathera, ndipo anayenda wapansi ola lathunthu, mawondo akudandaula. Phiri linali patsogolo pawo, lalitali, lamwala wotuwa. Chinawakwiyitsa n'chakuti dzikolo linkafanana ndi kwawo: dothi lofiira lomwelo, nthochi zomwezo, ndipo pa mitengo ya m'mbali mwa minda panali patayanga kalongonda.

Anawapeza a Afonso atakhala pa mpando wachikopa pakhomo pa nyumba yaudzu, akusoka lichero. Anali munthu wowonda, wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, diso limodzi loyera. A Winston anayamba kupereka moni m'Chilomwe chawo cha pa esiteti, koma mkuluyo anawadula m'Chichewa chomveka bwino.

"Musavutike. Chichewa ndimachidziwa. Inunso ndikukudziwani. Nthawi imeneyo munali wonenepa, muli ndi njinga yakuda ndi chipewa cha akapitawo."

Panali mpando wina wotsamira khoma, koma sanawalozere. A Winston anaima padzuwa, chipewa chili m'manja.

"Ine sindinakuonenipo. Ndabwera kudzafunsa chifukwa chimene mwanamizira agogo anga kwa anthu olemba mabuku."

"Chaka cha 1988 nkhondo inatithamangitsa kuno. Ndinakhala zaka zinayi pamsasa wa othawa kufupi ndi Muloza. Mayi anga asanamwalire anandiuza kuti, ukadzawoloka, ukafunse kwa Mukhurupa, ukamuone mkulu wanga, ngati anafa ukaone ana ake. Ndinafunsira mpaka ndinafika pageti panu. Ndinangoti odi. Inu munatuluka n'kunena kuti othawa nkhondo akutha chinangwa chanu, ndipo munandimasulira galu."

A Winston anafufuza m'mutu koma nkhopeyo sanaipeze. Zaka zimenezo anathamangitsa anthu ambiri pageti paja, ndipo galuyo anamukumbukira bwino.

"Mkulu wa mayi anu anali ndani kwa ife?"

"Dzina lake Mwaniha. Anali wotomeredwa ndi mmodzi mwa amuna awiri amene anafa ndi mbalamatodya. Tsiku limene sipayo wanuyo ankathawa, anamupeza kumtsinje uko akutunga madzi, n'kumumanga chingwe m'chiuno. Mayi anga anali pomwepo, anabisala m'bango. Nyimbo ija anaipeka ndi Mwaniha, masiku a maliro a bwenzi lake. Kuno inatsala ndi mng'ono wake, kwanuko inapita ndi mwini wake. Tinamva kuti amishoni anamupatsa dzina lina."

"Eneles," anatero a Winston, mawu atauma.

M'maganizo anawaona agogo awo aja monga ankakhalira: mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene sankadya mbale imodzi ndi mwamuna wake, amene pa maliro a mwamunayo anakhala kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa. Anthu ankati ndi chisoni chachikulu chosatulutsa misozi. Zaka makumi anayi anamuimbira temberero pabwalo pake pomwe, n'kuphunzitsa ana a mwamunayo kuti aziliimba akuvina.

"Ndiye bwanji zimenezi simunawauze ophunzirawo? M'mapepala awo mulibe Mwaniha."

"Sanandifunse. Mmodzi ankafuna nyemba. Wina ankafuna ndibwereze liwu limodzi kakhumi kuti amve pamene lilime likugunda. Mzungu ankafuna chaka. Atapeza sipayo wawo anasangalala ngati alenje, n'kulongedza zikwama. Palibe anafunsa kuti woimbayo anali yani. Mtsikana uja ndinamuyang'ana masiku atatu. Ali ndi chipumi cha mayi anga. Ndinadikira kuti afunse."

"Ndiye mwandivula pamaso pa mudzi wonse chifukwa cha galu mmodzi."

A Afonso anaika lichero pansi. Kuyambira pamenepo anasiya kuwalemekeza.

"Galu ndi nkhani yaing'ono. Mayi anga anakalamba akuyang'ana njira ya ku Milanje. Ndiuze, Mwaniha anagona pati?"

"Pafupi ndi amuna awo."

"Mtsikana uja anandionetsa chithunzi cha manda oyera ngati nyumba ya bwana. Ndi ake amenewo?"

Manda a agogo Eneles anali kamtumbira kophwa, ka mwala umodzi kumutu, ndipo amisiri omanga chiliza chija ankakandira simenti pambali pake.

"Oyerawo ndi a Mukhurupa."

"Ndinadziwa. Tamvera, iwe. Mwambo wathu ndi umodzi, kuno ndi kwanuko: mwana ndi wa kuchikazi. Mayi ako anali mlongo wanga. Iwe si wa Mukhurupa, ndiwe wa nyumba ino, ndipo ine ndine malume ako. Munda uwo ukuuonawo, ukanakhala ndi gawo lako. Koma wabwera utasenza dzina la wokoka chingwe, kudzandiuza kuti ndine wabodza. Mpando sindikupatsa, madzi sindikupatsa. Bwerera dzuwa likadalipo."

"Sindinabwere kudzapempha madzi," anatero a Winston. Anavala chipewa n'kutembenuka. Amayi awiri amene ankapuntha nyemba pabwalopo anasiya ntchito n'kuwayang'ana mpaka anakhota. Atafika pamtsinje anaima kanthawi, ali ndi ludzu, koma sanamwe.

Anafika kunyumba patapita masiku awiri, miyendo itatupa. Anesi anawafunsa za ulendo, iwo anangoti msewu ndi woipa. Sabata yonse sanatuluke pakhomo. Tsiku lina masana anaitana mlongo wawoyo n'kumufotokozera zonse, kuyambira pageti mpaka pamtsinje, akuyang'ana kuphiri. Anesi analira, nafunsa ngati tsopano angamuitane mwana wake.

"Ayi. Choona anachipeza, koma theka lokha, ndipo theka limenelo anathamanga nalo kudzandibaya. Amene amadzitcha wophunzira anakhala masiku atatu ndi agogo ake enieni osawazindikira."

"Nanga inu, achimwene, amene munawamasulira galu?"

A Winston anadzuka n'kulowa kuchipinda. Madzulo ake analemba uthenga pafoni, chala chimodzi, pang'onopang'ono. Unali wopanda moni. Unati: Woimba nyimbo dzina lake Mwaniha, amene ife tinkati Eneles. Bwerera kwa Afonso ukafunse bwino. Ngati ukulemba dzina la mwamunayo, ulembenso la mkaziyo. Kuno usabwere.

Emelda anaimba foni kasanu tsiku limenelo. A Winston sanaiyankhe.

Buku linachedwa ndi chaka chathunthu, chifukwa atatu aja anabwerera ku Namuli, ndipo akuti anakangana kwambiri za amene alembe mutu watsopanowo. Litatuluka, mayina onse awiri analimo. A Yakobo anapeza lawo ndipo ankaliyendetsa m'mudzi, ngakhale linali la Chingerezi chimene ambiri sakanatha kuwerenga. Ana a a Winston mpaka lero amati zonsezo ndi mabodza a mzungu, ndipo bambo awo sawatsutsa, sawavomerezanso. Ndi a Yakobo sapatsana moni.

Emelda amabwerabe ku Mulanje kamodzi pa miyezi iwiri kudzaona mayi ake. Amaimika galimoto pa Limbuli, kutsogolo kwa sitolo ya zitsulo, n'kutumiza uthenga. Anesi amavala nsalu yake yabwino, n'kuuza mchimwene wake kuti akupita kukagula mchere. A Winston amati apite bwino, ndipo samufunsa chifukwa chake mchere umatenga maola atatu.